Azakhali Anadzafuna Mwana Wawo pa Setilaiti

Ntchito imene ndimagwira ndi yovuta kuifotokoza kwa munthu amene waima pachipata akufulumira. Ndimalemba pulogalamu ya pakompyuta imene imakhala pakati pa anthu olamula setilaiti, amene ali pansi pano, ndi setilaitiyo imene ili m'mwamba. Vuto lake n'lakuti setilaiti iliyonse inapangidwa ndi eni ake, ndipo imamva malamulo m'kalembedwe ka eni akewo basi. Masiteshoni a madishi akuluakulu, amene amaponya mauthenga kumwamba ndi kuwakha obwerako, nawonso amagwira ntchito mosiyanasiyana. Ife timafuna kuti munthu mmodzi, ali pa kompyuta imodzi, athe kuuza setilaiti ya ku Japan kapena ya ku Italy kuti "tembenuka", kapena kuifunsa kuti "batire lako lili bwanji", uthengawo udutse pa siteshoni iliyonse imene yayandikira, ukafike womveka, yankho libwerenso lomveka.

Zonsezi ndimachitira m'chipinda chakuseri, m'nyumba ya bambo anga ku Nketa, dera la mu mzinda wa Bulawayo. Kampani yake ili kunja. Anzanga ogwira nawo ntchito ndimawaonera pa sikirini, ndipo setilaiti yeniyeni sindinaigwirepo ndi dzanja.

Bambo anachoka ku Dedza akadali mnyamata, nagwira ntchito yokonza sitima ku Raylton, kuno ku Bulawayo, mpaka kupuma. Chimwalirireni amayi, panyumba tinatsala awiri. Nditangoyamba ntchitoyi ndinayesa kuwafotokozera ndi zinthu zimene amazidziwa.

"Bambo, mukudziwa kuti njanji za maiko ena n'zopapatiza kuposa zathu?"

"Ndikudziwa. Sitima yathu singakwerepo. Katundu amachita kumutsitsa n'kumukwezanso m'mabogi ena."

"Eya. Ineyo ndiye wotsitsa ndi kukweza katunduyo. Kungoti katundu wanga ndi mauthenga opita kumwamba."

Anasisita chibwano.

"Ndamva bwinobwino," anatero. "Koma mwana wanga, ndinakuphunzitsa mpaka kuyunivesite kuti ndizikauza anthu kuti ndiwe wonyamula katundu pa siteshoni?"

Lamlungu lotsatira, pa msonkhano wa bungwe la maliro la anthu akwathu, anaimirira pa nthawi ya zolengeza n'kunena kuti mwana wawo wamkazi tsopano akuyendetsa zombo za m'mlengalenga ali khale m'chipinda.

Sabata isanathe, pakhonde pathu panayamba kufika anthu. Woyamba anali bambo wina amene dishi yake inasiya kuonetsa mpira. Kenako kunabwera mayi wa kutchalitchi amene mwana wake ankakwatiwa Loweruka, kudzapempha kuti ngati n'kotheka mvula ndiikankhireko ku Lolemba. Bambo ankawalandira onse ngati mlembi wa ofesi. Ankawapatsa mpando, n'kuwauza motsitsa mawu kuti, "Pakali pano sangatuluke, chombo chikudutsa." Nthawi zina chombo chinkadutsa ine ndili kubafa ndikuchapa masokosi awo.

Zikanathera ku Nketa komweko, bwenzi ndikungoseka. Koma nkhani ilibe pasipoti. Inadutsa malire onse mpaka inakafika ku Dedza, kwa mlongo wawo wa bambo, azakhali anga, amene ndinali ndisanawaonepo maso ndi maso. Tsiku lina anaimba foni, ndipo sanafunse ngati tili ndi malo. Anangoti, "Achimwene, ndikunyamuka mawa. Mwanayo asachokepo."

Tinakawachingamira kokwerera mabasi ku Renkini masana, dzuwa likuswa mtengo. Anali atasintha mabasi ku Harare, ndipo anatsika ali fumbi lokhalokha, koma akuyenda ngati mwini deralo. Anali aafupi, ojintcha, atamanga duku mothina kwambiri moti nsidze zinakwera. Anyamata oitanira mabasi anawazungulira akukuwa m'Chindebele, wina atagwira kale chikwama chawo. Azakhali anamuyang'ana n'kumuuza m'Chichewa chosasakaniza kuti, "Siya katundu wanga, sindinabwere ndi amako." Mnyamatayo sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma chikwama anachisiya.

Ine ndinagwada pang'ono n'kunena mosakaniza ndi Chindebele kuti, "Mwayenda kuhle, azakhali?"

"Ndayenda chiyani?"

"Bwino. Mwayenda bwino?"

Anatembenukira kwa bambo. "Achimwene, Chichewa cha mwanayu mwachithira madzi ambiri." Kenako anandigwira masaya ndi manja onse awiri, nandiyang'anitsitsa, maso awo n'kulengeza misozi. "Koma nkhope ndi ya amayi athu. Ndiwe amene uti undipezere mwana wanga."

Nkhani yake anaifotokoza tili m'kombi, kabasi kopita kwathu. Mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, anapita ku Joni zaka zingapo m'mbuyomo. Poyamba ankaimba foni kawirikawiri. Kenako anayamba kuimba mwa apo ndi apo, kenako zii. Nambala yake inasiya kulowa. Onse amene ankabwerako ku Joni ankati sanamuone. Azakhali anali atapita kwa abusa, kupolisi, ndiponso kwa munthu wina amene sanafune kumutchula pamaso pa bambo. Ndiye anamva kuti mwana wa achimwene awo ali ndi chombo chimene chimaona dziko lonse kuchokera kumwamba.

Titafika kunyumba, asanamwe ndi madzi omwe, anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa chithunzi. Panali mnyamata wamtali, atavala jekete lalikulu lobwereka, ataima pafupi ndi galimoto imene sinali yake.

"Koma chithunzichi sichikuthandiza kwenikweni," anatero. "Ndaganiza m'basi monse muja. Chombo chako chimaona kuchokera pamwamba, ndiye nkhope sichingaione. Tamvera bwino. Pakati pamutu ali ndi dazi, linayamba msanga ngati la malemu bambo ake. Pambali pa dazilo, chakumanzere, pali chipsera chonga mwezi watsopano. Anagwa mu mtengo wa mapichesi ali mwana. Ukaona dazi ndi chipsera, ndi yemweyo."

Ndinayang'ana bambo. Bambo anali akuyang'ana denga ngati aona malo odontha.

Ndinayamba kufotokoza pang'onopang'ono. Ndinati ine ndilibe chombo. Ndinati setilaiti zimene timagwira nazo ntchito ndi za eni ake, ndipo zambiri zilibe ndi kamera yomwe, zimangoyeza mphepo ndi kutentha kwa m'mwamba. Ndinati ngakhale zokhala ndi kamera sizingasiyanitse mutu wa munthu ndi chivwende. Ndinati ine ndimangolemba pulogalamu yonyamula mauthenga.

Azakhali anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anapinda chithunzi chija m'chitenje, namanganso mfundo.

"Chabwino," anatero. "Ukanangonena kuti sukufuna."

Masiku otsatirawo m'nyumba munali nkhondo yopanda mfuti. Azakhali anayamba kundipatsa ulemu woopsa. M'mawa ankati, "Mwadzuka bwanji, adona a zombo?" Ndikawapatsa tiyi ankalandira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Zikomo, mwadzivutitsa, anthu otanganidwa ngati inu." Ankasesa pabwalo akuimba nyimbo za kutchalitchi zonena za anthu ouma mtima, ndipo pofika pansi pa zenera langa mawu ankakwera. Anapalana ubwenzi ndi mayi woyandikana nafe nyumba, Mndebele amene sadziwa Chichewa. Sindikudziwa kuti ankamvana bwanji, koma posakhalitsa mayiyo anasiya kundiyankha moni.

Bambo anayamba kukonda kwambiri bawo. Ankachoka m'mawa kupita kwa anzawo opuma pa ntchito, n'kubwerera dzuwa litapendeka. Tsiku lina ndinawapanikiza pachipata.

"Bambo, moto uwu munauyatsa ndinu. Kawauzeni alongo anu zoona."

"Ndinanama pati? Kodi chombocho sichimva zimene iwe walemba?"

"Chimamva, koma sindichiyendetsa."

"Ndiye kusiyana kwake n'kochepa." Anakanda m'mutu. "Mlongo wangayu ndimamudziwa. Ali mwana anakana kuti moto umaotcha mpaka anaugwira. Mulole adzaone yekha ntchito yakoyo. Akadzaona kuti ndi yosasangalatsa, adzakhulupirira."

Zinangochitika kuti sabata imeneyo tinali ndi mayeso aakulu. Kwa miyezi yambiri pulogalamu yathu tinkaiyesa pa setilaiti yongoyerekezera, ya m'kompyuta momwemo. Tsopano anatilola kuiyesa pa yeniyeni, kasetilaiti kakang'ono, kakale, kopangidwa ku Japan, kamene eni ake sankakadandaulanso kwambiri. Lamulo linkayenera kuchokera kwa mkulu wathu ku Ulaya, kudutsa mu pulogalamu yanga, kupita pa dishi ya siteshoni ina ku South Africa, n'kukwera kumwamba. Setilaiti yotere imaoneka kwa dishi kanthawi kochepa, kongokwanira kuwiritsa tiyi ndi kumwa, kenako imalowa kuseri kwa dziko, ndipo mumaidikira nthawi yoposa ola kuti izungulire ibwerenso.

Ndinawauza azakhali kuti akhoza kukhala nawo, koma akhale kumbuyo kwanga, chete.

Tsikulo anatuluka m'chipinda atavala zovala za chigwirizano cha amayi, zosita bwino, nsapato zopolisha. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa monga mwa masiku onse, ndiye tinkadalira batire la sola. Bambo anadzipatsa udindo wolilondera. Anakhala pa mpando m'khonde la m'nyumba, maso pa kanyale kobiriwira, ndipo analetsa aliyense kutchaja foni, ngakhale m'nyumbamo munalibe wina aliyense woti amuletse.

Pa sikirini panaoneka anthu atatu. Mkulu wathu, bambo wa ndevu zaimvi wolankhula pang'onopang'ono. Injiniya wa ku Japan, amene anapanga nawo kasetilaitiko. Ndi mayi woyang'anira dishi ku South Africa, wamagalasi, woseka msanga. Azakhali anakakamira kuti ndichotse zomvera za m'makutu kuti nawonso azimva, ngakhale Chingerezi chawo chimathera pa moni. Pambali pa nkhopezo panali zenera lakuda lodzaza ndi zilembo ndi manambala.

"Chombocho chili pati?" ananong'oneza.

"Ndi ichi," ndinaloza manambalawo.

"Ichi? Ndimayesa tiona nyenyezi."

Mayi wa ku South Africa ananena kuti dishi yaigwira setilaiti. Mkulu wathu anatumiza lamulo loyamba, laling'ono kwambiri, longofunsa kuti zinthu zili bwanji kumeneko. Ndinaliona likulowa mu pulogalamu yanga, likusandulika kalembedwe ka ku Japan, likutuluka. Injiniya wa ku Japan anakuwa mokondwa kuti setilaiti yamva ndipo yayankha.

Koma kwa mkulu wathu sikunafike kanthu. Pulogalamu yanga inadikira pang'ono, kenako inatumizanso funso lomwe lija. Setilaiti inayankhanso. Pulogalamu inatumizanso. Zenera lakuda lija linayamba kuthamanga, mzere womwewo kubwerezabwereza, ndipo ine thukuta linali kamukamu.

"Chikuchitika n'chiyani?" azakhali anandigwira phewa.

"Tikuchifunsa kuti chili bwanji, chikuyankha, koma pulogalamu yanga ikutaya yankholo n'kufunsanso."

"Ndiye munthu akuti ndili bwino, inu muli bwanji, muli bwanji, osaleka?"

"Eya."

"Chombocho n'choleza mtima. Ine ndikanakutukwanani kalekale."

Tisanapeze chovuta, setilaiti inalowa kuseri kwa dziko. Mkulu wathu anapumira m'mwamba n'kunena kuti palibe choipa, mayeso ndi mayeso, tifufuze podikira ulendo wachiwiri. Ine ndi injiniya wa ku Japan tinayamba kuunika mayankho otayidwa aja mmodzimmodzi. Sizinatenge nthawi. Pulogalamu yanga inapangidwa kuti izitaya mauthenga akalekale, kuopa kuti munthu angachite zinthu potengera nkhani yoti inatha ntchito. Koma kasetilaiti kaja kankawerenga nthawi kuyambira tsiku limene kanaponyedwa kumwamba, pamene ife tinkawerenga monga mwa kalendala. Yankho lililonse linkaoneka ngati linalembedwa zaka zambiri zapitazo. Setilaiti yongoyerekezera ija sinatichenjeze chifukwa inkawerenga nthawi ngati ife. Tonse awiri tinaseka, ndipo ndinawerama kuyamba kukonza.

Ndili chiweramire choncho, ndinamva mpando ukukhwekhwerezeka kumbuyo kwanga. Ndisanatembenuke, mutu wa azakhali unali utadzaza kamera yonse, duku ndi nsidze zomwe. Maikolofoni ndinali nditaisiya yotsegula.

"Muli bwanji abwana nonse kumeneko?" anayamba, akuomba m'manja mwaulemu. "Ine ndine azakhali ake a mwanayu, ndachokera ku Dedza. Ndaona kuti ntchito yaima kaye, ndiye ndati ndipezerepo mwayi. Ine ndili ndi mwana wanga ku Joni."

Ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowemo. Ndinatambasula dzanja kuti nditseke maikolofoni, koma azakhali analimenya ngati akuthamangitsa nkhuku pa mphale. Anafotokoza zonse. Za foni yosalowa, za apolisi, za dazi, za chipsera, ngakhale za mtengo wa mapichesi. Anaweramitsa mutu wawo pa kamera n'kuloza ndi chala pamene pali chipseracho.

Atamaliza, mkulu wathu anafunsa mwaulemu kuti mayiwa ndi ndani ndipo akuti chiyani. Ndinalibe kothawira. Ndinamasulira, ndikuyang'ana pansi. Pa dazi ndinayesa kudumphapo, koma azakhali anazindikira kuti nkhani yafupika.

"Sunanene za chipsera. Sindinakuone ukugwira kumutu."

Ndinagwira kumutu n'kunena za chipsera.

Ndinkayembekezera kuseka, kapena chete wochititsa manyazi uja. Koma mkulu wathu anavula magalasi n'kuyamba kuyankha mofatsa, ngati akuyankha nduna. Anati akumva chisoni kwambiri. Anati setilaiti imene tikuyesayi ilibe kamera, imangoyeza za m'mwamba. Anati ngakhale zimene zili ndi kamera zabwino, munthu amaoneka ngati kadontho, ndipo palibe angadziwe kuti kadonthoko ndi ndani. Ine ndinkamasulira chiganizo ndi chiganizo, ndipo ndinkamva pakamwa panga pakutuluka mawu omwe aja ndinawauza tsiku lofika.

Azakhali ankagwedeza mutu pa chiganizo chilichonse.

"Ohoo," anatero. "Apa ndiye ndamva. Bambowa afotokoza bwino." Anatembenukira kwa ine. "Nanga iwe osandiuza choncho bwanji?"

Kukhonde kuja ndinamva bambo akutsokomola chitsokomolo chachilendo.

Kenako azakhali anabwerera pa mpando wawo. Anakhala pansi mwakachetechete, manja pa maondo, ndipo ndinaona kuti ndi munthu wachikulire amene wayenda ulendo wautali pachabe. Mapewa awo anagwa. "Ndiye basi," anatero motsitsa, osauza munthu aliyense. "Ndikamufuna ndi miyendo. Kaya Joniyo ndi wamkulu bwanji."

Mayi wa ku South Africa anali akuonabe. Anasiya Chingerezi n'kundilankhula m'Chizulu, chimene kwa ife a ku Bulawayo chili ngati Chindebele chovala jekete. Anandifunsa kuti mnyamatayo kwawo n'kuti kwenikweni. Anati kutchalitchi kwawo kumabwera Amalawi ambiri, ndipo amadziwa kuti ali ndi magulu a pafoni, boma lililonse gulu lake, omwe amauzanirapo za maliro, za ntchito ndi za nyumba zobwereka. Anati ndimutumizire chithunzicho, iye akachipereka Lamlungu. Sanalonjeze kanthu. Nditawamasulira azakhali, anangoimirira, napita pa kamera, nagwada mpaka pa sikirini panatsala nsonga ya duku yokha.

Setilaiti itatulukiranso, zonse zinali zokonzeka. Mkulu wathu anatumiza funso lija. Linapita kamodzi kokha. Tinadikira kanthawi kosatha kupuma, ndipo yankho linatulukira pa sikirini yake ku Ulaya, loyera, lomveka. Injiniya wa ku Japan anaimika manja m'mwamba. Ine ndinangogwira pakamwa. Miyezi yonse ija inali mu mizere yochepa imeneyo.

"Chati bwanji?" anafunsa azakhali.

"Chati batire lili bwino. Mbali imodzi n'chotentha, mbali inayo chikuzizira kwambiri."

"Chikuzizidwa? Ndiye munachitumiza kutali konseko chopanda ndi chofunda chomwe?"

Bambo anasiya batire lawo, nasuzumira pakhomo, naona tonse tikuseka. Anatuluka panja, ndipo ndinawamva akuuza mayi woyandikana nafe uja pamwamba pa mpanda, m'Chindebele chawo cha ku njanji, kuti chombo chatera bwino ndipo onse okweramo ali moyo.

Kuyambira tsiku limenelo azakhali anasiya kunditchula adona. Anabwerera pa "iwe", ndipo ndinakondwa ngati ndakwezedwa pa ntchito. Ankakhala nane m'chipinda ndikamagwira ntchito, akusenda mtedza umene anabwera nawo, akundifotokozera za agogo anga amene sindinawaone. Foni yawo ankaiika patebulo pafupi ndi kompyuta, ati pamenepo ndi pamene mauthenga amafika msanga. Ikangolira ankailumphira, koma nthawi zonse anali anthu a ku Dedza ofunsa ngati chombo chamupeza.

Lamlungu linadutsa, lina linadutsanso. Azakhali anayamba kufunsa za mabasi a ku Joni. Ndiye masana ena, tikudya, foni yanga inalira, nambala ya ku South Africa yosaidziwa. Nditayankha ndinamva mwamuna akulankhula monong'ona.

"Kodi ndinu achemwali a ku Bulawayo, a masetilaiti?"

"Ndine. Ndani?"

"Chonde auzeni azungu anuwo asiye kundisaka. Sindinabe kanthu ine."

Ndinaika foni poti onse amve. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Mayi wa ku South Africa uja anapereka chithunzi kutchalitchi ndi uthenga wabwinobwino, wakuti mayi wa mnyamatayu akumufuna, ali ku Bulawayo kwa mwana wa achimwene awo wogwira ntchito za setilaiti. Uthengawo unachoka gulu lina kupita gulu lina, ndipo aliyense ankauthira mchere wake. Pofika kwa msuweni wanga unkati azungu a ku Ulaya ndi a ku Japan akumusaka ndi setilaiti, ndipo chombocho achiuza kale za dazi lake ndi chipsera chomwe. Munthuyo anagula chipewa chaubweya n'kumachivala m'nyengo yotentha ija, usana wonse. Ankayenda m'mphepete mwa makoma, pansi pa makhonde a masitolo. Ntchito yake inali yotsuka magalimoto pabwalo lopanda denga, ndiye ananamizira malungo n'kudzitsekera m'nyumba. Potsiriza mnzake wina anamupezera uthenga woyambirira umene unali ndi nambala yanga.

Azakhali anali atasiya kudya. Anatenga foni ija ndi manja awiri.

"Iwe."

Kumbali inayo kunamveka mawu aang'ono, ngati a mwana wogwidwa akuba shuga: "Amayi?"

Zimene zinatsatira sindingazilembe zonse. Azakhali anayamba ndi tsiku limene anamubereka, nadutsa pa matenda onse amene anamudwazika, nafika pa basi ya ku Harare imene inawatupitsa miyendo. Msuweni wanga ankangoti, "Pepani amayi, pepani amayi." Atapatsidwa mpata anafotokoza kuti foni anamubera, ntchito yoyamba inatha, ndipo anachita manyazi kuimba wopanda choti anene chabwino. Ankati aimba zinthu zikayamba kuyenda. Zitayamba kuyenda anali atapeza mkazi, ndipo ankaopa kunena kuti wakwatira osauza akwawo. Ali m'kati moganiza kuti anene bwanji, kunabadwa mwana. Pamenepo ndiye nkhani inakula kuposa pakamwa pake.

Misozi ya azakhali inatsika mpaka pachibwano. Bambo anadzuka n'kupita kukaona batire limene linalibe vuto lililonse.

"Mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi?" anafunsa azakhali.

"Wamkazi, amayi."

"Akuyenda?"

"Wayamba kuimirira."

"Wayamba kuimirira, ine osadziwa." Anapukuta nkhope ndi duku. "Ndikubwera. Ukandichingamire. Ndipo chipewacho uvule, ukuchititsa manyazi mtundu."

Ananyamuka patangopita masiku ochepa, atagula madiresi aang'ono ku msika ndi nsapato zimene mwanayo adzavale mwina akadzayamba sukulu. Pokwera basi anandikumbatira, nandiuza kuti ndizidya, ndaonda ngati bango, komanso kuti ndizilankhula Chichewa tsiku lililonse ngakhale ndi khoma. Kwa bambo anati, "Achimwene, muchepetse bodza, mwakula." Bambo anayankha kuti bodza lawo ndi limene lapeza mwana, ndipo anakangana mpaka kondakitala anatseka chitseko.

Patapita milungu ingapo tinali pa msonkhano wa ntchito, tikukonzekera kuyesa setilaiti yachiwiri, ya ku Italy. Tisanayambe, mayi wa ku South Africa anati ali ndi nkhani. Anati Loweruka lapitalo alonda a pachipata cha siteshoni anamuitana kuti kwabwera alendo. Atapita anapeza azakhali, msuweni wanga, mkazi wake ndi mwana kumsana, atakwera matakisi angapo kuti akafike kumeneko. Azakhali anali atasenza thumba la mtedza ndi nkhuku yamoyo yomanga miyendo, zodzathokozera. Kulowa m'kati sanaloledwe, koma mayiyo anawatengera pa mpanda pamene dishi imaonekera bwino. Anati azakhali anaiyang'ana nthawi yaitali, kukula kwake ngati nyumba, itayang'ana kumwamba. Kenako anafunsa, msuweni wanga akumasulira, kuti mvula ikagwa madzi onse amene amagweramo amatunga ndani.

Mkulu wathu anaseka mpaka anavula magalasi. Injiniya wa ku Japan anafunsa kuti nkhukuyo ili kuti tsopano. Mayiyo anati ili kunyumba kwake, ana ake akana kuti iphedwe, ndipo yayamba kuikira mazira kuseri kwa galaja.

"Panalinso uthenga wina," anatero, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Wopita kwa abwana. Akuti mwanayu mumamugwiritsa ntchito kwambiri, satuluka m'nyumba, ndiye amuna amuona bwanji? Akuti mumupatse tchuthi mwezi wa Disembala apite ku Dedza, kuli aphunzitsi awiri osakwatira."

Mkulu wathu anati tchuthicho wavomereza, koma za aphunzitsiwo sizili m'manja mwake. Kenako anatsegula chikalata cha setilaiti ya ku Italy, ndipo ine ndinafunsa funso langa loyamba, lakuti iyoyo nthawi imawerenga kuyambira liti.